Malata a ku Joni, njerwa za anganga

Kwathu ku Chiradzulu mukafunsa mwana kuti akulozereni pakhomo pathu, satchula dzina la munthu. Amangoti, "Pitani pa malata paja." Lero mudzi wonse ndi malata okhaokha, ngakhale makola ena a nkhumba, koma dzinalo linakanirira kuyambira masiku amene nyumba ya agogo inali yokhayo yong'anima pakati pa madenga a udzu. Anthu ochokera kumsika akaona kung'animako ankadziwa kuti ayandikira.

Mbiri ya nyumbayi ndinakula ndikuidziwa mwachidule kwambiri: agogo anapita ku Joni, anakumba golide, anabwera ndi ndalama, anamanga nyumba. Amayi ankatero, amalume ankatero, ndipo pa maliro a agogowo woyankhula m'malo mwa banja anateronso. Ndinadzazindikira kuti mbiriyi ndi yoduka mutu ndili kale ndi imvi m'ndevu, nditanyamula njerwa yonyowa m'manja.

Za ku Joni zokha n'zoona, sindikuzitsutsa. Kwathu malo ndi ochepa kuyambira kale, chifukwa nthaka yabwino yambiri inapita ku maesiteti a azungu, ndipo mnyamata wofuna ndalama ya msonkho ndi ya nsalu ya mkazi wake ankayang'ana kunja. Agogo analembetsa ku Wenela, bungwe limene linkatenga anthu kukagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Dzina lake linatsalira pamalo paja pokwerera mabasi mu Blantyre, ngakhale ambiri okwera basi lero sadziwa kumene linachokera. Munthu ankayezedwa m'thupi kaye, akapezeka wamphamvu ankakwera ndege mpaka ku Francistown ku Botswana, kenako sitima mpaka ku Johannesburg. Gawo lina la malipiro sankamupatsa konko, ankadzalandira atabwerera kuno. Ndiye kuti malata amene ife timati a ku Joni sanaone Joni ngakhale pang'ono. Anagulidwa kwa amwenye ku Limbe, ndi mapaundi, kwacha isanabwere mu 1971. Cha ku Joni chinali thukuta lokha.

Agogo anapita maulendo angapo. Ulendo womaliza unathera pa ngozi ija ya mu Epulo 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi amene ankabwerera kwawo. Kamuzu analetsa zolemba anthu ntchito za kumigodi, amuna zikwizikwi n'kubwerera kumudzi. Agogo sanali m'ndegeyo, koma anganga anakhala masiku ambiri osadziwa. Atafika, sanapitenso. Anakhala pakhonde la nyumba yawo ndi wayilesi, njinga ya Humber, mawu angapo a Chifanakalo, chinenero cha kumigodi, otukwanira mbuzi, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda.

Nyumbayo si yaikulu. Zipinda zitatu, pabalaza, ndi khonde lalitali kutsogolo lokhala ndi nsanamira zinayi za njerwa. Mazenera ang'onoang'ono otseka ndi matabwa, m'kati mumakhala kamdima ngakhale masana. Pansi pa simenti anganga ankapaka polishi wofiira Loweruka lililonse, ndipo mwana wolowa ndi mapazi a matope ankalawa chikoti. Kamuzu ankakonda kunena kuti munthu amafunika zinthu zitatu: chakudya, zovala, ndi nyumba yosadontha. Agogo, amene pa zina sankamukonda mkuluyo, pa mfundo yachitatuyi ankagwedeza mutu n'kuloza denga lawo.

Kutha kwake kunali kwa pang'onopang'ono, kopanda nkhani. Agogo anamwalira, patapita zaka anganga anatsatira. Amayi anali atakhazikika ku Ndirande, azichemwali awo anali ndi nyumba zawozawo pomwepo pamudzi. Nyumba yaikulu inasanduka mosungira chimanga ndi matumba a feteleza, mvula ikakula mbuzi n'kumagona pabalaza. Mbumba yonse inkati "nyumba yathu", koma lata likasasuka ndi mphepo panalibe wokwera. Munthu ankangoponyapo mwala waukulu kuti lisauluke. Pofika 2022 padengapo panali miyala, tayala lakutha ndi chitsa cha mtengo.

Kenako kunabwera namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Amene munali kum'mwera kuno mukukumbukira mvula ija, yosakata usana ndi usiku, mapiri n'kumasanza matope ndi miyala. Ku Chilobwe anthu anakwiririka m'nyumba zawo, ndipo m'boma lathu lomwe muli mabanja amene sanapeze ngakhale mtembo woti aike. Ife tinataya khoma limodzi lakumbuyo basi, munalibe munthu. Ndikunena izi kuti musaganize kuti ndikudziika pamzere wa ofedwa. Ndinachita manyazi ngakhale kuuza anzanga kuntchito kuti ndikudandaula khoma.

Mvula itatha tinakumana pansi pa mtengo wa mango. Amalume, amene ndiwo eni mbumba, anali atagamula kale mumtima: tigwetse, malata tigulitse kwa osula mbaula ndi zidebe, pamalopo wina adzamange ya mabuloko a simenti. Sanalakwe kwenikweni. Nyumba yopanda wogonamo imadya ndalama ngati wodwala. Msuweni wanga wa ku Cape Town tinamuimbira pa WhatsApp, foni n'kuitsamiritsa pa mtondo, iye n'kumangoti, "Musagwetse, musagwetse," netiweki ikudukaduka. Ine ndinali naye mbali imodzi, koma ndivomere kuti zifukwa zanga sizinali zolemera. Ndinkafuna malo oti ndizibwera ndi ana pa Khirisimasi n'kuwauza kuti agogo anu anamanga ndi ndalama ya golide. Kunyada kwa munthu wa m'tauni amene sagona ndi makoswe ake a nyumbayo.

Funso lovuta linandidikirira kunyumba. Akazi anga kwawo ndi ku Mulanje, nakonso ndi kwa chikamwini ngati kwathu. Atamva kuti ndalonjeza simenti, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Bambo, nyumba imeneyo ana anuwa adzagonamo?" Ankadziwa yankho. Pa mwambo wathu malo amayenda ndi akazi. Nyumbayo ndi ya amayi ndi azichemwali awo, ikadzachoka pamenepo ndi ya alongo anga ndi ana awo. Ana anga kwawo ndi ku Mulanje. "Nanga kwathu munamangako chiyani?" anawonjezera. Ndinatuluka panja kukayang'ana matayala a galimoto, amene analibe vuto lililonse.

Mmisiri amene tinapeza ndi bambo wachikulire wa mudzi woyandikana, woyankhula pang'ono. Tsiku loyamba sanayeze kalikonse. Anazungulira nyumbayo kawiri, akubaya makoma ndi kampeni, n'kunena kuti, "Siinafe iyi. Yangovulala." Anandionetsa chimene chinagwetsa khoma, ndipo sichinali Freddy yekha. Njerwa zake ndi zootcha, koma anamangira matope, osati simenti, monga ankachitira ambiri masiku amenewo. Khoma lotere limakhala zaka zambirimbiri bola mutu wake ndi mapazi ake zikhale zouma. Kutsogolo, kumene khonde limatchinga mvula, matope a pakati pa njerwa anali ouma gwa, kampeni n'kumaterereka. Kumbuyo denga linatulukira pang'ono chabe, madzi a padenga ankagwera m'tsinde mwa khoma n'kumathovukira m'mwamba, ndipo pamwamba lata lina linkadonthera m'khoma mwenimweni. Choipitsitsa, zaka zina amalume anapakako pulasitala wa simenti kunja kokha, poganiza kuti akuteteza. Madzi olowera pamwamba anasowa potulukira, matope n'kukhala phala kuseri kwa simentiyo. Freddy anangokankha chimene chinali chitapendekeka kale. Izi sindinawauze amalume. Mmisiri nayenso anali wanzeru, sanawauze.

Denga ndiye linatichititsa manyazi. Mitengo ya bulugama imene inanyamula malata inkaoneka yabwinobwino ukaima pansi, koma kalipentala atakwera n'kuponda umodzi, phazi linalowa ngati waponda mkate. Chiswe chinadya m'kati monse n'kusiya khungu lokha. "Chikomekome cha mkuyu," anatero akutsika, osamaliza n'komwe, tonse tikudziwa za nyerere zake. Chimene chiswe chinalephera ndi mafelemu a zitseko ndi mazenera. Amenewo ndi a mkungudza, mtengo wa pa phiri la Mulanje umene ocheka matabwa ankatsika nawo pamutu kuchokera pamwamba penipeni. Kalipentala atapala pang'ono ndi puleni, fungo linadzaza chipinda ngati mtengowo waudula dzulo. Anandiuza kuti ndisayerekeze kuwataya, chifukwa lero mkungudza watsala pang'ono kutheratu paphiripo ndipo kudula n'koletsedwa. Anthu ngati agogo anga, ogula felemu imodziimodzi, nawonso ali ndi gawo lawo pa kutha kwake. Ndinanunkhiza felemuyo ndikudziwa zimenezo, koma ndinanunkhizabe.

Malata ndinawamenyera nkhondo. Ndinkati tiwatsuke, tiwapake penti, tiwabwezeretse, chifukwa kwa ine nyumbayo inali malatawo. Anali olemera, okhuthala kuposa ambiri a masiku ano, amuna awiri ankachita kuthandizana kutsitsa limodzi. Mmisiri sanatsutsane nane. Anangotenga limodzi n'kuliimika kuyang'anitsa kudzuwa, n'kundiitana kuti ndiime kuseri kwake. Munali nyenyezi zokhazokha, makamaka mozungulira mabowo a misomali ndi m'mphepete mmene malata amakumbatirana. Ndinasiya mkangano.

Ntchito yotopetsa kwambiri inali yotola njerwa za khoma logwa, kupala matope ake ndi zikwanje zakutha, n'kusanja zamphumphu padera. Tinaipereka kwa ana a sukulu pa holide, ine n'kumathandizako Loweruka. Njerwa zake ndi zazikulu kuposa zimene amaumba anyamata a masiku ano, zina zakuda ndi zolimba ngati mwala chifukwa zinali pafupi ndi moto mu uvuni, zina zofiirira. Mwana wina ndiye anayamba kuona kuti pamimba pa njerwa iliyonse pali chizindikiro. Zina zinali ndi mizere iwiri yokokedwa ndi zala, zina itatu, zina kadzenje ka chala chachikulu pakona. Ine ndinkayesa ndi zochitika mwangozi, monga mapazi a nkhuku ndi agalu amene tinkawapezanso.

Anganga aang'ono, mng'ono wawo wa anganga anga, ndiwo okha otsala a m'badwo umenewo. Maso anayamba kuchita khungu, koma makutu ndi lilime zili bwinobwino. Ankakhala pamphasa chapafupi kuonerera ntchito, ndipo atamva ana akukangana za mizere anati, "Tabwera nayo kuno." Anaisisita ndi zala, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Iyi ndi yanga. Itatu ndi ine. Iwiri ndi akulu anga. Ya kadzenje ndi malemu amayi athu aang'ono, ankati mizere ikuwachedwetsa."

Ndinafunsa kuti, "Anganga, mukutanthauza kuti munkathandiza agogo kuumba?"

"Kuthandiza ndani? Alamu anga anali pansi pa nthaka ku Joni. Iwe, njerwa izi anazipeza zitapsa kale."

Ndinakhala pansi pomwepo padothi, ndipo zimene anandiuza madzulo amenewo ndi izi. Agogo ali ku mgodi analemba kalata, imene mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni anawawerengera anganga. M'kalatamo ankati akadzabwera adzapempha chitengwa, atenge mkazi ndi ana kupita nawo kwawo, akamange nyumba ya malata pa malo a abale awo. Maganizo ake anali omveka. Mkamwini womanga nyumba ya njerwa kwa mkazi amakhala ngati wabzala mango m'munda wobwereka. Banja likatha amatuluka ndi bulangeti lake, nyumba n'kutsala. Abale awo ankawauzanso zomwezo.

Anganga sanayankhe kalatayo. Sanafune kusiya amayi awo, munda wawo ndi manda a kwawo, komanso ankaona zimene zinkachitikira akazi a chitengwa mwamuna akamwalira kapena akatchona. Chilimwe chitafika anabwereka chikombole kwa munthu wina amene anagwirapo ntchito ku mishoni, n'kuitana mng'ono wawo ndi amayi awo aang'ono. Amuna amphamvu m'mudzimo anali owerengeka, ambiri anali ku Joni kapena ku Salisbury, kumene lero timati ku Harare. Akazi atatuwo anakumba dothi kumunsi kwa munda, kutunga madzi kudambo ndi mitsuko, kuponda matope ndi mapazi, kuumba, kuyanika, kufunditsa udzu kuti zisang'aluke ndi dzuwa. Zizindikiro zija zinali zowerengera, kuti madzulo adziwe amene waumba zambiri, ndipo wotsalira ankaphika. Posanja uvuni ndi pootcha ndiye anafulula mowa n'kuitana madoda otsala m'mudzi, amene anasonkhezera moto usana ndi usiku mpaka uvuni unafiira. Anachita zimenezi zilimwe ziwiri.

"Ndiye alamu anga akutsika basi ndi bokosi lawo lachitsulo, akupeza mauvuni awiri ataima pakhomo ngati zulu. Anazungulira, anazungulira. Akulu anga ali phee, akusenda chinangwa. Kenako anangoti, 'Njerwazi n'zandani?' Akulu anga anati, 'Zikudikira malata.' Iwe, njerwa ungazisenze kupita nazo kwanu?"

Dzenje limene munachokera dothilo ndi pamene pali nthochi zathu lero. Ndadya nthochi za pamenepo moyo wanga wonse osadzifunsa chifukwa chake pamalopo pali potsetsereka chonchija.

Abale a agogo anawaseka kwa zaka. Kumudzi kwa anganga nakonso sikuti anawaombera m'manja onse, ena ankang'ung'udza kuti mkamwini asamakule mwendo, wangobwera dzana lomweli wayamba kuwala kuposa eni mudzi. Munthuyo anali pakati, kwawo akumuti wopusa, kwa mkazi akumuti wodzikweza. Anagulabe malata, analipira mmisiri ndi kalipentala, anagula mkungudza. Sindikufuna kuwalanda ulemu umenewo, chifukwa ndalama imeneyo anailipira ndi mapapo awo. Chimene chimandiwawa n'chakuti pa maliro a anganga, ine ndili pomwepo, anawayamikira kuti anali odziwa kulandira alendo ndi okonda kupemphera, nyumba n'kuitchula kuti "imene anawasiyira amuna awo". Anganga aang'ono anali pamphasa ya anamfedwa, akumva. Nditawafunsa chifukwa chimene sananenepo kanthu zaka zonsezi, anati, "Unandifunsa liti?"

Kumanganso kunatenga nthawi yaitali kuposa mmene tinkaganizira. Khoma lakumbuyo tinalidzutsa ndi njerwa zake zomwe, koma ulendo uno mizere yapansi tinamangira simenti, ndipo pamwamba pa makoma onse tinazunguliza lamba wa konkire ndi zitsulo, amene amisiri amati ring beam, kuti nyumba igwirane ndiponso denga limangiriridwe pa chinthu cholimba. Denga lakumbuyo tinalitulutsa kwambiri, pansi pake n'kuwaka kangalande kotaya madzi kutali. Njerwa zina zinali zitaphwanyika, ndipo zoumba lero sizinkagwirizana nazo msinkhu. Zootcha tokha sitinaziganizire n'komwe. Phiri limene anganga ankatolako nkhuni lili mbee, ndipo mtengo woti uotche uvuni uyenera kuugula kutali. Boma lenilenilo linaletsa kale njerwa zootcha pa zomanga zake chifukwa cha kutha kwa mitengo. Tinagula mabuloko a simenti ochepa n'kuwabisa pa khoma la m'kati logawa zipinda, njerwa za pamenepo n'kupita kunja.

Tili pakati pa ntchito, mu Novembala 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ndalama imene tinasonkha yoti igule malata onse inangokwana theka. Simenti inkakwera mtengo pakati pa Lolemba ndi Lachisanu. Gulu lathu la pa WhatsApp, limene poyamba linkalira usiku wonse ndi zithunzi ndi malemba a m'Baibulo, linangoti zii. Nyumba inalowa dzinja itafunda mapepala apulasitiki akuda, ine n'kumagona ndi nkhawa ku Blantyre mtambo ukangoda chakum'mawa.

Anatiwombola ndi msuweni uja wa ku Cape Town. Amagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti, amagona chipinda chimodzi ndi anzake atatu, ndipo papita zaka asanapondeko kumudzi. Anganga aang'ono amamutcha mtchona, iye akumva pa foni, n'kumaseka onse awiri. Ankatumiza pa Mukuru pang'onopang'ono, mwezi uno malata anayi, mwezi winawo asanu, mpaka anakwana. Tinakagula ku Limbe. Nditaima m'sitolomo ndikuwerenga ndalama yochokera ku South Africa, ndinaganiza za agogo ataima m'tauni yomweyo ndi mapaundi awo. Nayenso msuweni wangayo ndi mwamuna, ana ake sadzagona m'nyumbayo.

Njerwa zokhala ndi zizindikiro zikalowa m'khoma, chizindikirocho chimabisika, chifukwa chili pamimba. N'chifukwa chake palibe anachiona kwa zaka zoposa 50. Ndinapempha mmisiri kuti zisanu ndi zinayi, zitatu za munthu aliyense, aziyale chagada pa kakhoma ka khonde pamene anthu amakhala, osapakapo pulasitala. Amalume anati zimenezo ndi zachizungu, njerwa ndi njerwa. Koma tsiku lina ndinawapeza okha pakhondepo ataika zala zawo m'mizere iwiri ija. Atandiona anayamba kufunsa za mtengo wa laimu.

Malata akale sitinagulitse. Abwinoko anafolera khola la mbuzi ndi khitchini, moti mbuzi za kwathu zimagona pansi pa denga la Wenela. M'nyumba yaikulu munalowa anganga aang'ono ndi mdzukulu wawo wamkazi amene amawasamala, pakuti mbumba inagwirizana kuti nyumba yopanda utsi tidzaikonzanso posachedwa. Mvula yoyamba itagwa ndinawaimbira kufunsa ngati mukudontha. Anati simukudontha, koma malata atsopanowa ndi aphokoso, amalira ngati chitini, akale aja ankalira ngati ng'oma. Anadandaulanso kuti polishi amene ndinawagulira si wofiira mokwanira.

Nkhani ya kalata ndi mauvuni awiri ndinakawafotokozera akazi anga tsiku lomwe ndinaimva, ndikuseka. Iwo sanaseke kwambiri, anangofunsa mafunso awiriatatu n'kupitiriza kusita. Mwezi wathawu, tikudya nsima, anandipatsira foni yawo kuti ndione chithunzi chimene mlongo wawo watumiza. Unali mulu wa mabuloko a simenti, osanjidwa bwino pansi pa mtengo wa mapeyala, pamalo a amayi awo ku Mulanje, phiri likuoneka kumbuyo. Ndinafunsa kuti ndi a ndani. Anatenga foni yawo, n'kundiwonjezera ndiwo m'mbale, n'kundifunsa kuti malata a geji 28 akugula bwanji ku Limbe masiku ano.